Thanki Imene Lindsay Kuchel Anawongola

Mlamu wanga Lindsay Kuchel sagwirizana ndi chinthu chopindika. Moyo wake wonse wakhala akuwongola magalimoto kuno ku Kadina, m'dziko la Australia, ndipo galimoto iliyonse imene inagundapo nyama yakutchire yotchedwa kangaroo kapena geti la pafamu inadutsa m'manja mwake. Ntchitoyi inamulowerera mpaka kunyanya. Mukamuitana kudzadya, mumupeza akusisita chitseko cha firiji atatsinzina, kufunafuna pamene palowa mkati. Mchemwali wanga Glenys, mkazi wake, amati mapoto a m'nyumba mwawo amakalamba koma osaonetsa.

Atapuma pa ntchito anatengera matenda amene ine ndinali nawo kale, otolera tinjinga tamoto takale tampikisano. Sindikunena zinjinga zikuluzikulu zija zogwedeza mawindo ayi. Tathu ndi tija ta injini yoti mukhoza kuibisa m'chipewa, matayala ngati a njinga yakapalasa, kulira kwake ngati udzudzu wolusa. Ankatikwera ndi anthu aafupi ndi owonda, chifukwa munthu wamimba ngati ine kanjingako kakhoza kungomuyang'ana n'kuzima.

Mwa okwera onse akale, Lindsay ankalambira Clarrie Treloar, amene anayamba ndi mahatchi ampikisano kenako n'kusamukira ku njinga. Akuphunzira kumene ntchito, Lindsay anamuona Clarrie pa kanjinga kofiira ka ku Italy akusiya m'mbuyo njinga zazikulu mvula ikugwa. Nkhani imeneyi ndaimva kambirimbiri, ndipo chaka chilichonse mvula yake imakulirakulira.

Ndiye tsiku lina pa famu ina cha ku Bute ankagulitsa katundu, mwini wake atamwalira, ndipo ife tinapita kukafukula zitsulo. Kuseri kwa shedi yometeramo nkhosa, pansi pa matumba a tirigu owola, tinapeza kanjinga kofiira ka ku Italy, mbewa zitamanga m'mpando. Mwana wa malemuyo anati bambo ake anakagula kwa kamunthu kena kakafupi ka mahatchi. Lindsay anasendera pafupi. Anagwada n'kuyamba kusisita thanki ya petulo, ndipo nkhope yake inagwa. Pamwamba pa thankiyo, chakutsogolo, panali kadzenje kozungulira bwino, pambali pake kena kakang'ono.

"Alamu, taonani nkhanza izi," anatero. "Wina anagwetserapo chitsulo."

Atakagula, ndinamuuza kuti akajambule tisanakakweze m'galimoto, monga amachitira aliyense wa m'kalabu yathu ya otolera tinjingati. Anakana. Iye sanajambulepo galimoto isanakonzedwe, ati n'chimodzimodzi kujambula munthu ali m'bafa.

Chimene ankafuna chinali chimodzi basi. M'dziko muno muli tinjinga tingapo timene eni ake amalumbira kuti ankakwera ndi Clarrie, chikhalirecho mwini wakeyo anali nako kamodzi kokha. Masiku amenewo panalibe wolemba manambala a tinthu timeneti, ndiye mwambo wathu ndi wakuti wokwera wakale akabwera ku chionetsero cha pachaka n'kuizindikira njinga yake, amasaina pa thanki, mkangano n'kuthera pompo. Clarrie anali akadali moyo, akusungidwa ku nyumba ya okalamba ku Adelaide. Ndinamupempha Lindsay kuti tikamuonetse kanjingako mmene kanalili, fumbi ndi zitosi zomwe. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Munthu wamkulu, ati, samuonetsa ntchito yosatha.

Kanjingako kanamudyera zaka. Matayala anaitanitsa kunja, penti anasakaniza yekha mpaka kufiira kwake kunafanana ndi kumene ankakumbukira. Koma mtima wonse unali pa thanki. Wina akanangomata timadzenjeto ndi phala lija amamatira magalimoto n'kupenta pamwamba, koma Lindsay phala amalitcha bodza. Anaitsegula thankiyo kunsi n'kumagogoda chitsulo kuchokera mkati ndi tinyundo take, pang'onopang'ono, nyengo yozizira yonse, kenako anaiwotcherera moti ngakhale msoko sunkaoneka. Glenys ankamupititsira tiyi ku galaja ngati akukaona wodwala.

Kalabu itamuitana, Clarrie anavomera. Tsikulo bwalo lonse linkanunkha masoseji ndi utsi wa mafuta a nsatsi, amene tinjinga timeneti timamwa. Clarrie anafika ndi ndodo, atagwiridwa mkono ndi mwana wake wamkazi. Anali atatha kwambiri, koma pakamwa pokha panali pamoyo. Tinjinga tina tija ankangotiponyera diso n'kudutsa, ndipo eni ake ankabweza zolembera m'matumba mwakachetechete. Atafika pa ka Lindsay anaima nthawi yaitali. Mlamu wanga, atavala malaya osita, anamupatsa cholembera.

Clarrie anati timukweze. Tinamunyamula ngati mtolo wa udzu n'kumukhazika pa mpando. Anagwira zogwirira, n'kuwerama pang'onopang'ono kuti agone pa thanki monga ankachitira pa mpikisano. Chibwano chinagunda chitsulo, gu. Anayesanso, kenako anadzuka n'kupapasa pamalopo ndi zala.

"Ayi, mwana wanga," anatero. "Si aka."

Ndiye anatifotokozera, anthu atamuzungulira. Pa kanjinga kopanda mphamvu ngati aka mdani wamkulu ndi mphepo, ndipo mutu ukangodzuka pang'ono, anzako akupitirira. Iye anatenga kampira kolimba ngati mwala, mpira wa masewera a kiriketi, n'kuuika pa thanki yatsopano, n'kuumenya ndi nyundo mpaka panalowa malo okwana chibwano chake. Pambali pake panali kadzenje kena kakang'ono, ka mano ake akutsogolo, amene anawasiya pamenepo tsiku lamvula lija atadumpha bampu. Anachita kutulutsa mano oikirira kuti tione.

Apa Lindsay analowererapo. "Madala, timadzenje timeneto tinalipo. Ndinatiwongola ineyo."

Anthu anaseka, chifukwa aliyense akhoza kunena choncho atangomva kumene nkhaniyo. Ine ndinalumbira kuti ndinationa ndi maso angawa, ndipo anaseka koposa, ati umboni wa mlamu umagulidwa ndi botolo la mowa. Wina anafunsa ngati pali chithunzi. Ine ndinayang'ana kumbali.

Clarrie yekha sanaseke. Anatsegula chivindikiro n'kupisamo chala, anapapasa kunsi, anagogoda thanki yonse ndi chala khutu ataligunditsa pa chitsulo, kumvetsera ngati pali phala. Kenako anabweza cholembera chija mwaulemu.

"Ndikanakonda kakanakhala kanga, chifukwa n'kokongola," anatero. "Koma chitsulo chikapindika sichiiwala, mwana wanga. Thanki iyi sinagundidwepo n'kamodzi komwe. Mmisiri woti angafafanize dzenje ngati lija osasiya chizindikiro sanabadwe."

Moyo wake wonse mlamu wanga ankadikira kuti wina anene zoterezi za ntchito ya manja ake. Ndinamumvera chisoni kwambiri, ngakhale kuti kuseka kunkandikanda pakhosi. Paja amati safunsa anadya phula, koma tsiku limenelo sindinamuuze.

Madzulo ake oweruza anamupatsa chikho cha njinga yokonzedwa bwino koposa zonse, ndipo anthu anawomba m'manja kwa nthawi yaitali. Mnzathu wina anamunong'oneza kuti mpira wa kiriketi ndi nyundo sizisowa. Lindsay anati limenelo lingakhale dzenje la Lindsay, osati la Clarrie. Clarrie anamwalira chaka chotsatira, ndipo eni tinjinga tina tija anayambiranso kulumbira mwamtendere.

Tikutsitsa katundu kunyumba tsiku la chionetserolo, chikho chija chinagwa m'galimoto n'kugunda simenti, ndipo chinalowa mkati pambali. Chili pa shelefu ya m'galaja mpaka lero, moyandikana ndi tinyundo tija. Glenys amati m'mawa uliwonse mwamuna wake amachisisita ndi chikhatho atatsinzina, chala chikafika pa kadzenjeko amaima pang'ono, kenako amachibwezera pamalo pake.