Nkhope za pakhoma la mwana wanga

Dera lomwe ndinkavotera kuno ku Birmingham kulibenso. Analigawagawa pokonza malire atsopano, ndipo ine sindinalilire. Mbiri ya zisankho zake ndinali nayo m'nyumba momwemo, pakhoma la kuchipinda kwa mwana wanga wamkazi.

Nyumba yomwe tinkachita lendi inali ya chinyontho. Khoma la kumutu kwa bedi lake linkachita nkhungu yakuda bii, ndipo mwanayo, amene ali ndi mphumu, ankapuma ngati ketulo ikayamba kuwira. Ine ndine namwino, ndinkadziwa bwino zomwe nkhunguyo inkachita m'chifuwa mwake. Mwini nyumba ankangoti ndizitsegula mawindo. M'chisanu cha kuno!

Nyengo ya chisankho ikafika, mapepala a kampeni ankagwera m'nyumba kudzera pakabowo ka makalata ka pachitseko, osalala, okhuthala bwino. Tsiku lina ndinawamata pakhomapo ndi tepi kuti nkhungu isamakhudze pilo. Akada, ndinkamatapo ena pamwamba. Chisankho chilichonse chinkandipatsa atsopano. Opikisana naye ankasinthasintha, koma phungu wathu anali yemweyo, amene derali linkangomubwezera pampando ngati anthu ena anatha. Tsitsi linkamka liyera, kumwetulira kokha ndiko sikunkakalamba.

Musaone kunyozaku, inenso ndinkamuvotera. Mayi wina wa ku Zambia wa kutchalitchi kwathu ku Aston ndiye anandiuza kuti ifenso obwera timaloledwa kuvota kuno. "Asisi, kavoteni, kenako mupite ku surgery yake," anatero, kunena tsiku lomwe phungu amakhala m'holo kumva madandaulo. "Ma landlord akangomva za MP amapanga repair same week." Ndinapitako kangapo. Bamboyo ankagwedeza mutu, kulemba, kundifunsanso dzina la msewu lomwe ndinamuuza kale, n'kunena kuti aionapo nkhaniyi.

Ulendo womaliza unali chitangotha chisankho cha malire atsopanowo. Iye anali atapambananso, m'dera la dzina lina. Mwana anali atangotuluka m'chipatala, choncho ndinapita naye kuti amve yekha kapumidwe kake. Mayi wolandira anthu pakhomo anandifunsa komwe timakhala, n'kuyang'ana pakompyuta. Kenako anandiuza mwaulemu kuti malire adutsa pakati pa msewu wathu, mbali yathu ndi ya phungu wina tsopano, ndipo mwambo wawo ngwakuti phungu salowerera za munthu wa m'dera la mnzake. Phungu wathu uja anali chapomwepo akumwa tiyi. Atationa anamwetulira kumwetulira kwa pakhoma kuja. Kwathu timanyoza aphungu kuti amangodziwa kugula mabokosi a maliro, koma iwo amafikako ndithu pamaliropo.

Titafika kunyumba ndinakanganula mapepala onse. Anachoka pamodzi ngati nkhoko za mumphika, akununkha, nkhope za zisankho zonse zitamatirirana n'kuolera limodzi. Pansi pake nkhungu inali itanenepa kuposa kale. Ndinakataya m'bini panja, n'kusamba m'manja kawiri.

Pobwerera ndinapeza mwana ataima pachitseko, akutsokomola, atagwira pepala lomwe linali litangogwa kumene. Linali la phungu watsopano, lothokoza anthu a m'dera lake, losalala, lokhuthala bwino. Analiyang'ana, n'kuyang'ana khoma lake.

"Mum," anatero, "shall I get the tape?"