Wezulo ya a Nambewe idalira masana

Sabata yathayi ndidathamanga. Inu amene mumandidziwa ndi mimba yangayi mukuvomereza kuti imeneyi payokha ndi nkhani.

Ndidapita ku Nachisaka kukaona alamu anga, a Yotamu, amene ali m'komiti ya chitetezo cha m'mudzi, aja ena mumawatcha apolisi a m'mudzi. Tidali pakhonde masana, dzuwa likuswa mtengo, tikudya nzimbe. Mwadzidzidzi cha kumtsinje kudalira wezulo. A Yotamu adataya nzimbe yawo n'kutola chibonga kuseri kwa chitseko.

"Alamu, wakuba! Tiyeni!"

Komiti yawoyo idagawa mawezulo kwa amayi amasiye ndi ena okhala kumapeto kwa mudzi, ndipo adapangana kuti ikalira, mwamuna aliyense asiye zimene akuchita athamangire komweko. Nanga ine ndikadatani? Mlendo amene watsala pakhonde anzake akuthamangira wakuba, mawa amamunena kuti amadziwana naye wakubayo. Ndidatola chida chimene chidali pafupi. Tili m'njira ndi pamene ndidazindikira kuti chidacho chidali nzimbe yanga yomwe ija.

Dziko la ku Dowa mukulidziwa. Ukatsika chitunda umapeza china chikukudikira. Ndidafika womaliza, lilime lili panja.

Tidakathera padimba la a Nambewe, mayi wamasiye amene akulera adzukulu ake ndi ndiwo zamasamba. Amuna adali atazungulira kale dimbalo, wina chibonga, wina mpini wa khasu, wina chikwanje. Wapampando wa komiti, a Lufeyo, adali patsogolo atavala chijekete chawo chonyezimira cha komiti. Nthawi yochivalira adaipeza kuti, sindikudziwa.

"Ali kuti, mayi? Walowera kuti?" adafunsa a Lufeyo.

A Nambewe, wezulo ili pakhosi, adaloza ndi chibwano. "Suyo apo. Sanathawe ayi. Akudyabe."

Pabedi la mbande za kabichi padaima tonde wakuda wa banga loyera pamphumi, akutafuna mosatekeseka, akutiyang'ana ngati ife ndiye tamulowerera m'munda mwake.

A Yotamu adandigunda ndi chigongono. "Alamu, musaseke," adandinong'oneza. "Tondeyo ndi wa apampando."

A Lufeyo adakonza pakhosi. "Mayi, wezuloyi si choseweretsa. Tidakupatsani kuti muziimba kukabwera wakuba."

"Nanga uyu wabwera kudzandithandiza kuthirira?"

Apa ngakhale a Yotamu, amene adandiletsa kuseka, adayang'ana kumbali mapewa akugwedezeka. Koma a Nambewe sadaseke nawo.

"Bambo Lufeyo, ndabwera kwanu kangati kudzadandaula za mbuzizi? Mumangoti ino ndi nyengo yomasula ziweto. Bedi loyamba zidadya, ndidafesanso. Ili ndiye lomaliza, mbewu ndilibenso. Likatha ili, ana aja ndiwadyetsa chiyani mpaka chimanga chidzache? Potipatsa mawezulowa mudatiphunzitsa nokha kuti wakuba tikamugwira tisamamenye, tizimumanga n'kupita naye kupolisi. Ine sindinamumenye. Chingwe nachi."

Ndikuuzeni zoona, ndidawakonda mayi amenewa pomwepo.

Mwambo umene a Lufeyo amabisalako ndi weniweni. Kwathu kuno anthu akakolola, mbuzi zimamasulidwa kuti zizidya mapesi paliponse, ndipo palibe amene amaimbidwa mlandu. Koma mwambowo udayamba pamene minda inkakhala yopanda kanthu chilimwe chonse. Lero tayendani m'mbali mwa mitsinje kuyambira kwa Dzoole mpaka kumapiri a Ntchisi, muona madimba okhaokha. Alangizi adatiuza kuti tisamangodalira mvula, ife tidamvera. Mbuzi zokha ndi zimene sizidauzidwe.

Musandimve molakwa, awerengi. Sindikunyoza anthu a chitetezo cha m'mudzi. Amenewa amasiya mabulangete awo m'nyengo yozizira popanda wowalipira, kuti inu ndi ine tigone mtendere. Kumene kuli komiti yolimba, akuba ng'ombe amaganiza kawiri, ndipo fodya amauma m'chigafa mwini wake osagona momwemo. Polisi ili kutali, ndipo galimoto yawo siingafike pakhomo lililonse. Anthu amenewa ndi ofunika.

Funso langa ndi lina. Kodi ndani amasankha milandu imene komiti izithamangira?

Pobwerera ndidawafunsa a Yotamu zimene adagwirizana kuti azilimbana nazo. Adayankha mosaganiza n'komwe: kuba mbuzi, kuba ng'ombe, kuba fodya. Ndidafunsanso kuti pamsonkhanopo padali ndani. Adatchula mayina, ndipo aliyense amene adamutchula ali ndi khola kapena chigafa. Amayi ambiri sadabwere, chifukwa msonkhanowo udachitika m'mawa, nthawi imene iwo amakhala kudimba ndi makheni othirira m'manja.

Mwaona pamene pagona nkhani? Eni mbuzi adakhala pansi n'kugwirizana zoteteza mbuzi kwa anthu. Amene akadafunsa za kuteteza anthu ku mbuzi adali akuthirira kabichi.

Sikuti amunawo ndi oipa mtima. Munthu aliyense amamva kuwawa pamene pamulasa minga. Koma tafunsani mayi wa m'mudzi chimene chimamusowetsa mtendere. Mwina akuuzani za venda amene amabwera masanasana ndi sikelo yake yobera, n'kunyamula soya wochuluka kuposa amene mbala ingasenze pamutu, anthu n'kumamupatsanso moni ndi mpando. Mwina akuuzani za zidakwa zimene zimakhala panjira ya kuchigayo, moti mwana wamkazi sangatumidwe yekha. Kodi zimenezi si za chitetezo? Kapena mlandu umayamba kukhala mlandu ukakhudza munthu amene ali ndi mawu pabwalo?

Ndikudziwa kuti ena muti: tikalola zimenezi, wezulo iziliranso nkhuku ikapalasa pakhonde la wina. N'zotheka ndithu. Walira mvula walira matope. Ukapatsa anthu wezulo, usadabwe akaiimbira chimene chikuwawawa iwowo. Mankhwala ake si kuwalanda wezuloyo. Ndi kuwamvera asanafike poiimba. A Nambewe adayamba adandaula mwaulemu, pakhomo, atagwada. Wezulo idalira chifukwa kugwadako sikudamveke.

Koma a Lufeyo ndiwayamikire. Adaima kanthawi, akuyang'ana tonde wawo, akuyang'ananso bedi lija, theka lake litasanduka dothi lokhalokha. Kenaka adapukusa mutu n'kuseka.

"Mayi, mwandigwira. Bweretsani chingwecho."

Adamumanga okha tondeyo, chijekete chonyezimira chili pathupi, anthu akuwomba m'manja. Wina adakuwa kuti asaiwale kukamusiya kupolisi. Atatha adatembenukira gulu lija.

"Amuna inu, poti tabwera kale ndi zikwanje, tisabwerere nazo chabe. Mnzako akapsa ndevu mzimire."

Masana amenewo anthu amene adabwera kudzagwira mbala adadula minga ndi bango n'kutchinga dimba lonse la a Nambewe. Inenso ndidathandizako, makamaka pa uphungu, ndili pamthunzi. A Lufeyo adalengeza kuti komiti ikumananso Lamulungu anthu akaweruka kutchalitchi, nthawi imene amayi angabwere, kuti akambirane za mbuzi zoyenda cha kumtsinje ndi zina zimene amayiwo angatchule.

Pochoka ndidasiya a Nambewe akuthirira mbande zimene zidapulumuka. Adati zikwana kuwokera, ndipo ana adya. Wezulo idakali pakhosi pomwepo.

"Achimwene," adandiitana, "mukadzaimvanso mudzathamange ndithu. Mwina mimbayo ichepako."

Miyendo ikundiwawabe mpaka lero, koma sindikudandaula. Ndingokufunsani inu a m'makomiti, kaya kwa Dzoole, kaya ku Mtengowanthenga: pamene munkagwirizana kuti wakuba kwanuko ndi ndani, a Nambewe a m'mudzi mwanu adalipo? Kapena mukudikira kuti aimbe wezulo, mudzathamange ndi zibonga n'kukapeza mbuzi yanu yomwe?