Nkhoswe ya m'Laputopu

Chaka chimene ndinali pachikamwini ku Mlolo, apongozi anga aakazi sankakhulupirira kuti ndimagwira ntchito. Amuna anzanga ankalawirira kumunda, ine ndinkalawirira pachulu cha kuseri kwa khola pomwe pankagwira netiweki, laputopu ili pamiyendo. Ndinali nditapempha chitengwa, kuti ine ndi mkazi wanga tikakhale kuboma ku Chadiza komwe kuli magetsi. Yankho linadzera mwa mkazi wangayo, poti mkamwini ndi apongozi salankhulana maso ndi maso. Akuti mwana wawo sangapite ndi munthu amene ntchito yake sioneka.

Zinandiwawa kwambiri, koma mkamwini amapsera mtima m'mimba. Ndinalonjeza kuti ndiwapangira chinthu chooneka. Gulu lawo la alimi linali ndi makina amodzi okha oswa nshawa, ndipo chaka ndi chaka anthu ankatukwanizana polimbirana tsiku. Ndinati ndipanga tsamba la pa intaneti loti munthu akatsegula pafoni aziona tsiku lake. Apongozi anali wapampando wa gululo, ndiye osandifunsa n'komwe analengeza kutchalitchi kuti Loweruka aliyense abwere ndi foni adzaone ntchito ya mkamwini wawo.

Mayina a alimi, matumba awo ndi masiku awo zimasungidwa mu detabesi, imene ili ngati nkhokwe ya tsambalo. Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti tsamba lizitapa bwanji m'nkhokwemo. Ukhoza kulemba wekha funso lililonse m'chinenero cha SQL, detabesi n'kukuyankha pamaso. Kapena ukhoza kuika pakati pulogalamu yotchedwa ORM, iwe n'kumaituma, iyo n'kumapita kukakunenera. Ndinaimbira foni mnzanga wa ku Chipata amene anandiphunzitsa ntchitoyi.

"Iwe, ika ORM," anatero. "Dzanja lako ndimalidziwa, limathamanga kuposa mutu."

"Ine ankhoswe andikwana!" ndinakuwa mpaka mbuzi zinadzidzimuka. "Ukwati nkhoswe, kupempha mchere nkhoswe, m'laputopu mwanganso nkhoswe? Ndilankhula ndekha!"

Ndinalankhuladi ndekha, ndipo zinkakoma bwanji! Ndikafunsa, detabesi inkayankha nthawi yomweyo, yosatembenukira kumbali. Kenako mkazi wanga anabwera ndi uthenga woti amayi akufuna tsiku lawo likhale Lachiwiri. Ndinalemba lamulo losintha tsiku, koma ndinaiwala kutchula kuti la ndani. Detabesi sifunsa kawiri. Mudzi wonse unapatsidwa Lachiwiri, ngakhale akatekisiti amene chaka chimenecho sanadzale nshawa.

Ndinabwezeretsa masiku onse mmodzimmodzi, kenako ndinamuimbiranso mnzanga uja. Anaseka mpaka mayunitsi anga anatha. Basi ndinagonja, n'kuika nkhoswe ija.

Nkhosweyo inali yaulemu, sinkalakwitsa, koma kuchedwa kwake, mayo ine! Ukatsegula tsamba, kanthu kankangozungulira, kuzungulira, munthu ukhoza kupita kudambo kukamwetsa ng'ombe n'kubwera. Apa n'kuti lili Lachisanu masana. Ndinakhala pachulu paja manja ali m'mutu, ndikuona chitengwa changa chikupita ndi mphepo.

Apongozi nawo mtima sunali m'malo. Anakhala kuseri kwa nyumba yawo n'kuyamba kutuma mwana wawo. Mkazi wanga anakwera chulu: amayi akuti zitheka? Ndinati zitheka. Anatsika, n'kukweranso: akuti foni yawo yaing'ono ija itsegula? Ndinati afunse ngati ili ndi bando ya intaneti. Anatsika, n'kukweranso: akuti bando n'chiyani? Ulendo wotsatira anafika akupuma mwabefu, chitenje chitamasuka, n'kuima pakati pa bwalo pomwe tonse awiri tinkamumva.

"Amayi! Nanunso bambo! Nenani zonse pakamodzi, ndinyamule ulendo umodzi. Miyendoyi ndi yanga, si ya gulu!"

Ndinayamba kuseka, kenako kuseka kunandithera pakamwa. Ndinatsegula pomwe pamaoneka maulendo a ORM, ndipo ndinaipeza ikuchita zomwezo. Inkapita kukatenga dzina la mlimi, n'kubwera, n'kupitanso kukafunsa matumba ake, n'kubwera, n'kupitanso kukafunsa tsiku, mlimi aliyense ulendo wakewake. Sinali yaulesi ayi, ndine ndinkaituma ngati apongozi. Ndinawonjezera mzere umodzi woiuza kuti itenge zonse ulendo umodzi. Tsamba linatseguka ndisanachotse chala.

Loweruka anthu anadzaza pansi pa mtengo wa mango wa kutchalitchi, mafoni ali m'mwamba kusaka netiweki. Aliyense anaona tsiku lake. Anakanganabe, poti wina ankati Lachinayi adzakhala pa maliro, chonsecho palibe amene anali atamwalira, koma ankakangana ndi foni, osati ndi wapampando.

Madzulo ake ndinali pakhonde ndikupukuta fumbi pa laputopu. Mkazi wanga anali atapita kumjigo, ndiye panalibe wotuma. Apongozi anabwera n'kukhala chapatali atandifulatira. Pakati pathu pankadutsa nkhuku yathadzi ikutolatola.

"Iwe nkhuku," anatero apongozi, "ukawauze bambo a m'nyumba umo kuti akafune ngolo. Katundu wa mwana wanga sangakwane panjinga."

Ndinagwada pansi n'kuyang'ana nkhukuyo.

"Nkhuku, ukawauze amayi kuti ndathokoza kwambiri."

Nkhuku inajompha chitsotso n'kumapita. Apongozi anayambanso kulankhula.

"Ukawauzenso kuti mwana wamkazi ndili naye ndi yekhayo. Za pafoni ine sindizidziwa. Azibwera naye ndizimuona ndi maso."

Apa nkhuku inali itafika kale kukhola, ndipo pabwalo tinatsala awiri. Ndinayankha ndekha.

"Ndamva, amayi. Tizibwera."