Buleki ya mfuti ya atate

Ndinaganiza zochoka tsiku limene ndinachapa magolovesi otaya kuti ndiwavalenso. Ndinali namwino pa kachipatala kena kakumudzi, kwathu kum'mawa kwa Zambia, ndipo anzanga anali atayamba kale kupita ku Ulaya mmodzimmodzi. Nditawauza atate sanakane, sanavomerenso. Anali pakhonde akupukuta mfuti yawo ndi kansanza ka mafuta. Patapita nthawi anati, "Pita, Dailesi, koma mawu ako azifika kuno." Ndinawayankha kuti nawonso mawu awo azifika kumeneko. Pangano lathu linali lomwelo basi.

Atate anagwira ntchito yoyang'anira nyama ku chigwa cha Luangwa zaka zambiri. Atapuma anabwerera kumudzi ndi mfuti yawoyawo, ya laisensi, yaikulu ija yowombera njati. Kwathu kulibe njati, kuli nguluwe, ndipo nguluwe ikalowa m'munda chimanga chikamakhwima, banja lonse limagona ndi njala chaka chimenecho. Ndiye anthu ankabwera kudzawagwadira atate, iwo n'kunyamula mfuti. Amayi anali atamwalira kale, ndipo ulemu umene unawatsalira atate pamudzi unali umenewu.

Ku London ndinapeza ntchito pa chipatala chachikulu ku Edmonton, kachipinda n'kupeza ku Tottenham, m'nyumba ya anthu ambiri amene sitinkadziwana ngakhale maina. Anthu kwathu amaganiza kuti kuno ndalama timatola pansi. Lendi inkadya, basi inkadya, magetsi ankadya, chotsala n'kutumiza. Koma chimene chinkandipweteka kwenikweni si ndalama ayi. Ndi kukhala sabata yathunthu osamva munthu akukuitana dzina lako m'mene linayenera kumvekera. Ku wadi ndinali "Delis", nthawi zina "nesi uyo". Ndinkasungulumwa mpaka kulankhula ndi ketulo.

Chimene chinkandigwira mtima chinali Lamlungu. Ndikatuluka m'tchalitchi ndinkagula khadi ya foni pa sitolo ya zakudya za kwathu, makhadi akuba aja amene amakulonjeza mphindi zambirimbiri koma n'kudula nkhani isanafike pakati. Mlongo wanga Yotamu, wamng'ono kwa ine, anali ndi chigayo m'mbali mwa msewu, ndiponso foni ya m'manja. Netiweki inkapezeka pachulu chakuseri kwa chigayocho. Atate ankapalasa njinga kufika pamenepo, n'kukwera chulu. Sankapempha kanthu. Ankandiuza za mvula, za amene wamwalira, za nguluwe imene yawazemba, mpaka kuyerekeza m'mene inkapumira m'chimanga. Ine kutseka maso pabedi, jasi ili m'thupi, kumvetsera.

Lamlungu lina Yotamu anayamba ndiye kulankhula. Anati phewa la atate latupa. Mfuti ija ikalira imabwerera mwamphamvu, ndipo mafupa a nkhalamba sakupiriranso. Akawombera kamodzi, masiku angapo khasu silinyamuka. Nditawauza atate kuti asiye, anaseka. "Ndisiye, nguluwe zidye chimanga cha akazi amasiye?" Yotamu anali atamva kwa dalaivala wina wa alenje achizungu kuti kuli kachitsulo kamene amamangirira kukamwa kwa mfuti, amakatcha buleki, kamatulutsira mpweya m'mbali kuti mfuti isamenye phewa. "Asisi," anatero, "kumeneko ndiye kwawo kwa zinthu zimenezi. Manje mungolowa m'shopu."

Kungolowa m'shopu. Yotamu ankaganiza kuti buleki ya mfuti imakhala pa shelefu limodzi ndi shuga. Nditafunsa mkulu wina wa mpingo wathu, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kundifunsa ngati zonse zili bwino kunyumba. Ndinakakhala m'malo aja olipira makompyuta, kuwerenga zinthu zimene sindinkazimva, mpaka ndinapeza sitolo ya mfuti kutali, kumapeto kwenikweni kwa London. Tsiku langa lopuma linathera m'mabasi ndi m'sitima. Pakhomo pake unkayamba waliza belu. Nditalowa, azibambo ovala majekete obiriwira amene ankacheza m'menemo anatembenuka n'kundiyang'ana. Mayi wakuda, chikwama cha kutchalitchi kukhwapa, akufuna zida za mfuti ya njati. Ndinaona nkhope zawo, ndipo ndinatsala pang'ono kubwerera.

Mwini sitoloyo, bambo wachikulire wa magalasi, sanandinyoze, chilungamo chake. Koma mafunso ake anandimaliza. Chipolopolo chake n'chachikulu bwanji? Kukamwa kwa mfutiyo kuli mazinga opotera, ngati a bawuti, kapena n'kosalala? Mpope wake ndi wonenepa bwanji? Lamlungu ndinamufunsa Yotamu, iye n'kundiyankha mosanyinyirika kuti mpopewo ndi wofanana ndi chala chachikulu cha atate. Ndinamufunsa ngati akufuna ndipite nacho chala cha atate kwa mzungu. Zinatenga masabata kuti andiwerengere manambala odindidwa pa mfutiyo, khadi ikudyeka, iye akusokoneza ziro ndi sikisi, ine ndikukuwa m'chipinda mpaka wa chipinda chinacho kugogoda khoma.

Ulendo wotsatira bambo uja anandiyalira mabuleki atatu patebulo. Yoyamba inali ndi timabowo kuzungulira konse. Anati imeneyo imautsa fumbi ukawombera uli chogona. Yachiwiri inali yaing'ono, yosalira kwambiri, koma yothandiza pang'ono chabe. Yachitatu inali ndi mabowo akuluakulu m'mbali. Anati imeneyo ndiyo imachotsa kumenya kwambiri, koma phokoso lonse imalibwezera kwa wowombera. Anavula magalasi n'kundiuza kawiri kuti munthu asayerekeze kuwombera nayo makutu ali pamtunda. Tsono mwana wamkazi amene wakhala akulota phewa lotupa la atate ake asankha iti? Ndinasankha yachitatuyo. Ndinagulanso zotseka m'makutu, zofiira, zonga mbale ziwiri zolumikizidwa ndi lamba wa pamutu, zabwino kuposa zonse zimene anali nazo.

Kutumiza kwake inali nkhondo ina. Chinthu cha mfuti sungachiponye m'sutikesi ya mnzako wa kutchalitchi. Panafunika mapepala a boma kuno ndi uko, ndipo chinayenera kufikira kwa wogulitsa mfuti ku Lusaka, amene anakadula mazinga pa mpopewo. Ndinagwira mashifiti owonjezera mpaka miyendo kutupa. Zonse zitatheka ndinawauza atate pa foni, mwaunamwino weniweni, kuti zofiirazo si zokongoletsera, azivala nthawi iliyonse akamawombera, chifukwa khutu likafa silidzuka. Anati, "Ndamva, anamwino."

Chaka choyamba inali nkhani yokoma. Phewa linaphwa, khasu linkanyamuka, atate ankati mfuti yasanduka mwana wa nkhosa. Kenaka anayamba kumati, "Ukuti bwanji?" pafupipafupi, ine n'kumatukwana makhadi. Kenaka ankangolankhula okha osandiyankha zimene ndafunsa. Kenaka basi. Ndikaimba, Yotamu yekha. Atate ali kumunda. Atate apita kumaliro. Njinga yaphulika tayala. Lamlungu ndi Lamlungu, dzinja mpaka dzinja linzake, njinga imodzi yomweyo ikuphulikabe tayala.

Ndinakwiya, ndisaname. Ndinkati chinthu chawo alandira, ndiye ine ntchito yanga yatha. Nthawi zina ndinkaganiza kuti pali amene wawanamiza za ine, poti mkazi wosakwatiwa ali ku Ulaya sasowa omunenera. Ndinamukalipira Yotamu kuti awauze atate kuti pangano lija sindinapangane ndi chulu. Iye anangoti, "Ndiwauza, asisi." Ndinalira m'basi ya ku Edmonton m'mawa wina, anthu akuyang'ana pawindo ngati sakuona. Ndinasiya kuimba kwa miyezi, kenaka n'kuyambanso, poti ndikanaimbira ndani wina. Kupita sindikanatha, pasipoti yanga inali itagwidwa ku ofesi yoona za chilolezo chokhalira kuno, ndipo kumeneko safulumirira munthu.

Pasipoti itatuluka ndinakwera ndege osauza aliyense tsiku. Ndinkafuna ndiwapeze atate asanakonze bodza. Minibasi inanditsitsa pa chigayo masana, injini ikulira gugugu, azimayi ali pamzere ndi matumba awo. Yotamu anatuluka ali mbuu ndi ufa kuyambira tsitsi mpaka nsapato. Kumutu kwake kunali zotseka m'makutu zija, zofiira, lamba wake atamangidwa ndi waya pamene anaduka.

Sindinamupatse moni. Ndinati, "Iwe Yotamu, zimenezo wazitenga kuti?"

Anazivula pang'onopang'ono, n'kukazimitsa chigayo, azimayi akudandaula. Tinakhala kuseri, patsinde pa chulu chija. Anati atate anayesa kuzivala ulendo woyamba, koma anabwera wopanda kanthu. Nguluwe m'chimanga siioneka, imamveka. Mlenje amasaka ndi makutu, ndipo ikatulukira palibe nthawi yoti uyambe kuvala zipewa. Anangozipachika pamsomali. Tsiku lina atamva Yotamu akudandaula kuti chigayo chikumuliza m'makutu ngakhale pogona, anazitenga n'kumuveka okha. Anati iye ali ndi ana aang'ono oti awamve akulira, pamene iwo za dziko lino anamva zokwanira. Anapitiriza kuwombera makutu ali pamtunda, mpaka anagontha.

"Nanga bwanji sunandiuze?"

"Anandiletsa. Anati mukamva mudzati mwawapha makutu ndinu, musiya ntchito, mubwera." Anapukuta ufa pa zofiirazo ndi chala. "Koma asisi, Lamlungu lililonse amabwera. Ngakhale miyezi ija munaleka kuimba. Mukaimba amakhala apa, pamene mwakhalapa, kundiyang'ana kumaso. Ndikaseka amadziwa kuti muli bwino. Tsiku lija munandikalipira anandifunsa kuti mwati chiyani, ndinati mwapereka moni."

Ndinkafuna kumumenya mbama Yotamu, ndinkafuna kubwerera ku sitolo ija kukaphwanya tebulo, ndinkafuna kukalipira nguluwe zonse za m'boma lathu. Ndinachita zonse m'mene anandiuzira, ndinagula chilichonse, ndinachenjeza. Chimene sindinachiwerengere n'chakuti kwathu chinthu sichikhala cha amene wamutumizira. Chimapita kwa amene mkulu waona kuti akuchisowa. Ndipo nkhani yoipa sauza munthu amene ali kutali, amayembekeza adzaione yekha.

Ndinayenda wapansi kupita kumudzi, kudutsa minda imene m'mbali mwake chimanga chinali chogwetsedwagwetsedwa ndi nguluwe. Atate anali pakhonde, atandifulatira, akusoka thumba. Ndinati odi ndili pabwalo. Galu anadzuka, nkhuku zinathawa, atate anapitiriza kusoka. Ndinaodiranso mokweza ndili pafupi. Mpaka chithunzithunzi changa chitagwera pa thumba lija ndi pamene anatembenuka. Kudzera pakhomo ndinaiona mfuti ili pakhoma, buleki yanga ili kukamwa kwake, yonyezimira, yopakidwa mafuta. Yotamu anali atandiuza kuti saitenganso. Munthu wosamva nguluwe sangaisake, ndipo anthu analeka kubwera kudzawagwadira.

Ndinagwada, iwo n'kundigwira manja onse awiri, akuyang'ana pakamwa panga. Mawu onse amene ndinawakonza m'ndege anathawa. Ndinafika pa khutu lawo n'kukuwa kuti, "Atate, bwanji simunandiuze?" Ndikhulupirira kuti anamva, chifukwa anayang'ana kumbali kaye. Kenaka anakweza mkono wamanja m'mwamba, kuuzungulitsa kuti ndione, n'kulankhula mokweza kwambiri, m'mene amalankhulira anthu osadzimva okha.

"Phewa lili bwino, mwanangu. Chija unasankha bwino."