Mlomo wa alamu anga a tiromboni

Chizindikiro choyamba chinamveka m'lipenga, ndipo ine ndinachiseka.

Linali Lachiwiri masana, m'nyengo yozizira. Ndinapita kukacheza kwa mlongo wanga Esinati ku Woolwich, mumzinda wa London, n'kupeza amuna ake, a Neville, akuyeserera nyimbo pabalaza. Alamu angawa kwawo ndi ku Jamaica. Amaimba tiromboni, lipenga lalitali lija lochita kukoka ndi kukankha ngati ukupopa njinga. Anayambira m'gulu loimba pamaliro kumudzi kwawo, mkono usanatalike n'komwe. Atafika ku London ankavinitsa anthu m'maholo, kenako anatembenukira ku jazi, nyimbo imene ine mpaka lero ndimati ndi anthu asanu akukangana popanda woleretsa. Moyo wawo wonse adyera mlomo umenewo.

Tsikulo mawu ankatuluka ophwa, mpweya ukuthawira m'mbali. Kwathu mlamu ndi wosereulana naye, ndiye ndinati, "Alamu, mbuzi ikulirayi mwaimangirira pati?" Anaseka, nati lipenga lakalamba. Lachitatu anakwera nalo basi kupita kwa wokonza. Taonani nzeru za madoda awiri: lipenga kuchipatala, mwini wake kunyumba. Esinati anati mlomo wa amuna ake ukuoneka wopendekeka. Ine ndinamuyankha kuti unali choncho kuyambira tsiku la ukwati.

Lachisanu m'mawa kapu ya tiyi inawapulumuka m'dzanja lamanja. Esinati anandiimbira foni akulira. Ndinakapeza ambulansi ili pakhomo, alamu anga tsaya litagwa, malovu akuchucha, akufuna kutchula dzina langa koma lilime likukana. 

Kuchipatala anawajambula m'mutu, ife tikudikira pakhonde, pamipando youma ija. Chitseko chikatseguka tonse tinkadzuka. Kenako dokotala anabwera nati ndi sitiroko, mtsempha wa mu ubongo unatsekeka. Anafunsa kuti zinayamba liti. Esinati anandiyang'ana. Ndinati Lachiwiri. Dokotala sanakalipe ayi, anangoti, "Limenelo linali chenjezo. Mukanabwera tsiku lomwelo."

Alamu anagona m'wodi masabata atatu. M'mawa uliwonse nesi ankawayeza kuthamanga kwa magazi, n'kuwauza kuti amwetulire, akweze manja, ameze madzi a pasupuni. Chakudya chinali chopota ngati cha khanda. Ine ndinkaopa maliro. Iwo ankaopa zina. Sabata yoyamba isanathe analemba papepala ndi dzanja lamanzere, zilembo zokhota kuposa zanga za Sitandade 4, kufunsa ngati adzaimbanso. Pepalalo ndinapita nalo kwa mayi wophunzitsa odwala kulankhula. Anati sangalonjeze.

Alamu atatuluka m'chipatala, ntchito inali yofufumitsa masaya pagalasi ndi kuuzira m'kapu ya madzi ndi kachubu. Kenako anatenga kachitsulo ka pakamwa kokha, lipenga lili m'bokosi. Miyezi iwiri kunkangomveka fuu, fuu. Ine ndinkapita tsiku lililonse, n'kukhala pambali pawo phee, mwaulemu ngati ndili m'tchalitchi. Tsiku lina anaika kachitsulo pansi n'kundiyang'ana.

"Alamu, bwanji simukundinyoza? Madokotala anakuuzani chiyani chimene sanandiuze ine?"

Ndinali ndisanadziwe kuti chete wanga ankawaopsa kuposa matenda. Ndinawauza kuti ketulo ya Esinati ikuimba bwino kuposa iwo. Anaseka ndi theka la nkhope, misozi ikutsika.

Mawu enieni oyamba a lipenga anatuluka m'mwezi wachisanu, amodzi okha, otsika, onjenjemera. Esinati anathawira kukhitchini kukalira.

Lero akuyenda okha, akumwa mankhwala m'mawa uliwonse, ndipo tsiku lokaonana ndi dokotala saphonya chifukwa ndimawaperekeza ndine. Lamlungu masana amaimba ndi anzawo m'kaholo kena, atakhala pampando, nyimbo ziwiri kapena zitatu zapang'onopang'ono. Mawu okwera aja, amene ankaimitsa anthu m'mipando, sanabwerenso. Sanandiimbepo mlandu. Ndimadziimba ndekha.

Tsono inu anzanga, makamaka madoda ouma mutu ngati ife: mukaona mlomo wa munthu wapendekeka, dzanja lalemera, kapena mawu akukokeka, ngakhale zitasiya pakapita kanthawi, itanani ambulansi pomwepo. Akakwiya kuti mwamuchititsa manyazi pamaso pa aneba, musiyeni akwiye. Munthu wokwiya ndiye kuti ali moyo.