Njerwa Zosapaka Pulasitala

Ndiulule, abale anga: mpaka imvi mbuu chonchi, ndinkakhulupirira kuti nyumba ya njerwa yosapaka pulasitala ndiye kuti mwini wake mphamvu zinamuthera panjira. Kwathu ku Ntcheu ukaona njerwa zili pamtunda umangoti, "Limbani mtima, mudzamaliza."

Ndiye Lamulungu lapitali, titangoweruka kutchalitchi kuno ku Hamilton, ku Canada, mwana wanga Tadala, namwino uja ali ku Mangalande, ananditumizira chithunzi cha nyumba yomwe wapeza. Msewu waukulu wa m'tauni, nyumba zothithikana ngati anthu mu minibasi, pansi mashopu, pamwamba pogona. Iye ali pamwamba pa shopu ya buledi. Njerwa zakuda ndi utsi, windo lopendekeka.

Ndinamuimbira pompo. "Mayi, sukulu yonse ija, uzigona m'nyumba yosamaliza? Umuuze landilodi apake pulasitala, penti ndigula ine."

Anaseka mpaka kutsamwa. "Adadi, mutangopaka penti pamenepa, boma likugwirani! Nyumbayi ndi yakale kuposa agogo a agogo anu. Anthu amakwera sitima kudzangoijambula."

Kujambula njerwa?

Ndinaseka naye, koma kenako ndinakumbukira zakwathu. Paja mwezi watha ndinalamula mng'ono wanga Yohane kumudzi kuti agwetse golosale ya malemu bambo athu. Kutsogolo shopu, kuseri chipinda chomwe tinabadwira tonse. Njerwa anaumba okha, kuwotcha okha. Ine ndimati timangepo ya mabuloko, ya magalasi othobwa m'maso, anthu adziwe kuti banjali lili ndi mwana ku Canada.

Ndi matenda athu ife akunjafe, musakane. Tikaona nyumba zakale za eni ake, foni m'mwamba, mano pamtunda. Zakwathu tikuti n'zochititsa manyazi. Kodi njerwa imasanduka mbiri pokhapokha aiwotche mzungu?

Ndinaimbira Yohane.

"Achimwene, musade nkhawa," anatero, "anyamata akubwera mawa ndi mahamala."

"Uwauze akagwetse kwawo! Iwe ungosintha malata, njerwa usakhudze."

"Mwamwa chiyani ku Canadako?"

Madzulo ndinafotokozera akazi anga, a Nachisale, nzeru zanga zatsopanozi, chifuwa chili patsogolo. Anandiyang'ana kuyambira pa dazi mpaka kuphazi.

"Zoti chakale sataya mwachita kukamva ku Mangalande?" anatero. "Ine changa ndachisunga zaka zonsezi, chopendekeka, denga linasasuka kalekale, ndipo palibe anakwerapo sitima kudzachijambula."