Kanyumba ka Mlamu Kunja

Telala wina anali ndi zipinda zitatu za lendi kuseri kwa nyumba yake, ndipo ankazinyadira kwabasi. Denga likadontha ankakwera yekha, matenanti akayambana pampopi ankawaweruza tepi ili m'khosi.

Tsiku lina mlamu wake, yemwe anali namwino, anafika pashopu foni ili m'manja.

"Alamu, taonani kanyumba kamene ndagula kunja kwa dziko lino. Sindinapondeko n'komwe, koma kuli kampani yondiyang'anirira. Ine changa n'kungolandira."

"Mwagwira ntchito, alamu," anatero telalayo, mtima ukumuwawa ngati wadzibaya ndi singano. Makoma oyera a pachithunzipo anamusowetsa mtendere. Iye n'kumapsa ndi malata, mnzake n'kumadya atakhala!

Posakhalitsa anapenta zipinda zonse n'kukweza lendi, kuti nayenso amveke. Matenanti awiri anasamuka mwezi womwewo. Wachitatu, mphunzitsi amene anakhala naye zaka zambiri, anatsanzika mwaulemu n'kusiya makiyi pamakina osokera.

Zipindazo zinakhala zopanda munthu mpaka mvula kugwa. Mlamu uja atagula nyumba yachiwiri, telalayo anadzisokera suti yatsopano, n'kupita kukamuyamikira. Anamwetulira mokakamiza mpaka masaya kuwawa.